Chikole cha Nyani Mmisiri

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, padangokhala. Mwati tili tonse? Chabwino. Khalani pansi bwinobwino, pakuti nkhani ya lero ikukhudza pokhalira pomwepo.

Padali Nyani. Musaganize za nyani wa masiku ano amene amakuberani chimanga, wa maso olowa ngati akusuzumira ali m'phanga, wa mchira wothyoka, wa kumbuyo kofiira ngati wakhalira phwetekere. Ayi. Nyani wa nthawi imeneyo adali mnyamata wooneka bwino. Maso adali poyera, akuluakulu. Mchira udali wautali, woongoka, womvera mwini wake. Kumbuyo kudali ubweya wofewa, moti akakhala pamwala ankamva ngati wakhala pamtsamiro. Iye mwini ankadziwa kuti ndi wokongola, ndipo matenda ake adayambira pomwepo.

Chaka china nyama zidatopa ndi njala. Zidapangana zomanga nkhokwe imodzi yaikulu, ya njerwa ndi simenti, ya zitsulo ndi malata, yaitali kuposa mlambe. Adalemba amisiri. Nyani adamulemba chifukwa cha manja ake aluso. Nkhanga adamulemba ntchito yosakaniza simenti. Gologolo adamulemba ya padenga. Kapitawo adali Ngaka, mkulu wovala mamba kuyambira pamphuno mpaka kumchira, koma wa maso oona pafupi pokha.

Tsiku loyamba Ngaka adagawira wantchito aliyense zovala zodzitetezera: chisoti cholimba chachikasu, ovololo yotuwa yokhuthala, magalasi akuda ovala powotcherera zitsulo, ndi lamba wodzimangirira kumtanda ukakwera padenga.

"Izi si zotchenera," adatero Ngaka pang'onopang'ono. "Chisoti ndi cha mutu. Ovololo ndi ya khungu. Magalasi ndi a maso. Lamba ndi wa moyo. Wobwera osavala, abwerere kwawo."

Onse adavomera. Nyani adavomera mokweza kuposa onse. Koma pamene anzake ankaona zovala za ntchito, iye ankaona zina. Kutsidya kwa dambo, kumudzi kwa a Pusi, kudali mbeta dzina lake Nangondo, ndipo Nyani ankaifuna mbetayo kuposa mmene ankafunira mutu wake. Anyamata ofunsira adali ambiri. Wina adapereka chikole cha mkanda, wina kansalu ka kumutu. Nyani adati mumtima, chikole cha mkanda ndi cha anthu osalembedwa ntchito.

Madzulo omwewo adawoloka dambo, nakapereka chisoti chachikasu m'manja mwa Nangondo. Mudzi wonse udabwera kudzachigogoda. Nangondo adachilandira, ndipo Nyani adabwerera akuimba kanyimbo kake:

"Ndine Nyani wa kuphiri,
mwala ukandiona umakhota,
moto ukandiona umazima,
mphepo imandipempha njira."

M'mawa adatenga chipanda chakale, nachidula pakati, nachipaka chikasu, n'kuchivundikira pamutu. Pachipata Ngaka adatsinzinira kumuyang'ana.

"Chisoti?"

"Chili pamutu, bwana kapitawo."

"Lowa."

Nkhanga, amene adali pambuyo pake pamzere, adanunkhiza mpweya. "Achimwene, chisoti chanuchi chikununkha masese."

"Ndi chamakono, achemwali. Inu adakupatsani chotsalira."

"Oo. Chikagwerapo chitsulo mudzatigawireko mowawo."

Nyani adaseka. Mutu wa mwana wa kuphiri, iye adati, ndi chisoti kale.

Padapita masiku. Nyani adapitanso kukacheza kutsidya, ndipo adapeza atsibweni a Nangondo, a Pusi aakulu, atakhala patsinde pa mtengo akudzikanda.

"Akamwini, mwafika?"

Nyani atamva mawu akuti akamwini, chinkhoswe chisanachitike n'komwe, mtima wake udasungunuka ngati mafuta padzuwa.

"Tamva kuti kuntchito kwanu akugawa zovala," adapitiriza a Pusi. "Ine pano tsiku la chinkhoswe likuyandikira. Ndidzaima pamaso pa ankhoswe anu nditavala chiyani? Manyazi akewo adzakhala anu, si anga."

"Musadandaule, atsibweni. Mawa lomwe."

Mawa lake ovololo idawoloka dambo. Nyani adasakaniza phulusa ndi matope, nadzipaka thupi lonse mpaka adatuwa kuti mbuu. Pachipata Ngaka adatsinzinira.

"Ovololo?"

"Ili m'thupi, bwana kapitawo."

"Yakuthina."

"Ndanenepa, bwana. Ntchito yanu ikundiyanja."

"Lowa."

Tsiku limenelo idali ntchito yothira simenti pansi pa nkhokwe. Anzake ankagwada ndi maovololo awo. Nyani adaona kuti kugwada n'kwa akapolo, ndiye adakhala pansi kuti khathi, pasimenti yaiwisi, akusalaza uku akuimba. Idali yozizira bwino, ndipo iye adawauza anzake kuti sadziwa kukoma.

"Achimwene, dzukanipo pamenepo," adatero Nkhanga. "Simenti siluma ngati njuchi kuti muthawe. Imadya ngati chiswe, mumadzazindikira mzati utatha."

"Achemwali, inu mudabadwa ndi mantha. Tsamba likagwa mumathamanga mudzi wonse mukukuwa."

"Ndimathamanga, inde. N'chifukwa chake ndidakali ndi nthenga zanga zonse."

Nyani adakhala pomwepo mpaka dzuwa lidapendeka. Poweruka adapita kumtsinje kukasamba. Phulusa lidachoka. Matope adachoka. Ubweya wa kumbuyo nawo udati, ife tisatsale, n'kutsatira madzi. Adatembenuka kuti aone, ndipo adapeza zigamba ziwiri zofiira kuti psuu, zowawa ngati wakhalira tsabola.

Wina akadaphunzirapo. Koma Nyani adali wanzeru, ndipo anthu anzeru kwambiri saphunzira msanga. Adapinda mchira wake womvera uja, naukulunga bwinobwino pamalopo. Kwa apongozi akafika ankayamba ndi iye kukhala pansi, ndipo potsanzika ankayenda chafutambuyo, akuwomba m'manja, mpaka atabisika kuseri kwa nthochi.

"Mwaona ulemu?" adatero a Pusi, akukonza kolala ya ovololo. "Sakufuna kutifulatira. Mwana ameneyu adaleredwa."

Tili tonse? Tiyeni.

Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Tsono Nyani ankabwera kawirikawiri, ndipo kuseri kwa nyumba ya amayi a Nangondo kudali chitedze. Tsiku lina Nangondo pomuperekeza adayamba kukanda pansi ndi chala cha kuphazi.

"Amayi akudandaula."

"Ndalakwanji?"

"Simunalakwe. Akuti atopa n'kuthawira m'chitedze inu mukamabwera, thupi lonse latha n'kukanda. Akuti akadakhala ndi magalasi akuda ngati aja munavala tsiku lija, bwenzi akungokhala pakhonde. Palibe angadziwe kumene akuyang'ana, mwambo n'kukhala wosungika."

"Nkhani yake ndi yomweyo? Kawauzeni amayi kuti asakandenso."

Magalasi adawoloka dambo. M'mawa Nyani adatenga khala, najambula mikombero iwiri yakuda kuzungulira maso ake. Pachipata Ngaka adatsinzinira.

"Magalasi?"

"Ali kumaso, bwana kapitawo."

"Akuphethira."

"Ndi amakono, bwana."

"Lowa."

Imeneyo idali sabata yowotcherera zitsulo za denga. Moto wowotcherera mukuudziwa, ndi kadzuwa kakang'ono kaukali kuposa mwini wake wa kumwamba. Gologolo adavala magalasi ake. Nkhanga, ngakhale ankangodutsa ndi ndowa, adavala ake. Nyani adayandikira ndi makala ake kumaso, nayang'anitsitsa moto uja ngati akuufunsira ukwati.

"Achimwene, kapitawo mwamupusitsa," adatero Nkhanga, "koma motowo mwauuza kuti mwavala magalasi?"

"Moto ukandiona umazima, achemwali. Simumva nyimbo?"

"Ndimamva. Kaya motowo uli ndi makutu."

Timoto tidathetheka, tina tikugwera m'zikope. Kuwala kudalowa m'maso. Nyani adapirira tsiku lonse kuti Nkhanga asamuseke. Kutacha, maso ake adali ngati wina wathiramo mchenga wa kudambo. Misozi idatsika osalira maliro. Maso aja adaona kuti mwini wawo alibe nawo ntchito, ndiye adabwerera m'mbuyo, nalowa mkati, nakabisala pansi pa chipumi. Mpaka lero sadatulukenso.

Kwa apongozi Nyani adafika atazyolika, pakuti dzuwa linkamulasa. Amayi a Nangondo adali pakhonde, magalasi ali kumaso, akusenda mtedza ngati mkazi wa bwana.

"Mwaona kudzichepetsa?" adatero a Pusi. "Sayang'ana akulu m'maso. Anyamata a masiku ano amakuyang'ana ngati wawabera. Uyu ndiye mkamwini."

Nyani adamva mawuwo, ndipo adaganiza kuti maso awiri ndi mtengo wotsika.

Zipupa zidatha, mitanda idakwera, kudatsala kukhoma malata. Nakonso kutsidya tsiku la chinkhoswe lidayandikira, mowa adali atayamba kale kufulula. Pamenepo Nangondo adapempha yekha, osati m'dzina la amayi kapena atsibweni.

"Chisoti chija chimatunga bwino madzi pachitsime," adatero, "sichidontha ngati chikho. Koma chingwe chathu chaduka. Lamba wanu uja ndi wautali, ali ndi kokolera komwe."

Apa Nyani adazengereza pang'ono, tisamunamizire. Adakumbukira kutalika kwa nkhokwe ija. Koma Nangondo adamwetulira, nati atapempha zomwezo kwa Gologolo, Gologoloyo adakana, akuti lamba ndi wa ntchito.

"Gologolo? Mwapempha Gologolo ine ndilipo? Kamunthu kouma manja kaja?"

Lamba adawoloka dambo. M'mawa Nyani adasenda luzi, nalimanga m'chiuno. Pachipata Ngaka adatsinzinira.

"Lamba?"

"Ali m'chiuno, bwana kapitawo."

"Waonda."

"Ndi kugwira ntchito, bwana."

"Kwera."

Nkhanga sadaseke tsiku limenelo. Adamukokera pambali. "Achimwene, zina zija ndimakusekani, koma izi ayi. Pitani mukauze kapitawo zoona. Adzakukalipirani, adzakupatsani wina. Kukalipiridwa sikuthyola msana."

"Ndikauze Ngaka kuti ndidamupusitsa? Mbiri ikafike kutsidya chinkhoswe chili pafupi? Achemwali, ine ndidabadwa ndi lamba. Uyu." Adagwedeza nsonga ya mchira, osauchotsa pamene unkabisa paja.

"Mchira umodzi ntchito ziwiri," adatero Nkhanga. "Tiona imene udzasiye."

Nyani adakwera. Gologolo adakwera naye, nakoleka lamba wake kumtanda, naukoka kuti aone ngati wagwira.

"Taonani katswiri wa m'mitengo," adatero Nyani, "wamangidwa ngati mtolo wa nkhuni."

"Mtolo womanga sumwazika," adayankha Gologolo, n'kuyamba kukhoma.

Nyani adakoleka luzi lake pamsomali kuti oonera pansi aone, nayamba nyimbo. Mwala ukandiona umakhota. Moto ukandiona umazima. Idali nyengo yotentha, ya akamvuluvulu, ndipo tsoka silinunkha. Kamvuluvulu adadzuka kudambo, akuzungulira ndi masamba ndi fumbi. Gologolo adamuona patali, nagwiritsa. Nyani ndi maso ake a m'phanga aja sadaone kanthu. Adali pa mzere woti mphepo imandipempha njira pamene mphepoyo idafika, ndipo sidapemphe.

Lata lidanyamuka. Onse awiri adatayidwa. Gologolo adagwa pang'ono, lamba n'kumugwira, natsala akulendewera ngati chipatso cha mlambe, akutukwana koma wathunthu. Luzi la Nyani lidangoti phwa. Pothedwa nzeru adamasula mchira pamalo ake obisa, nauponya kumtanda. Mchira udagwira. Thupi lidapitirira. Padamveka kuti thyo, ndipo mchira uja, umene sudalembedwe ntchito ya lamba, udasiya.

Nyani adagwera pamulu wa mchenga, mutu patsogolo. Chipanda chidaphwanyika. Hamala yake yokhomera malata idabwera pambuyo, n'kutera pamutu pa Nkhanga kuti ngwee. Nkhanga adakhala pansi, nagwedeza mutu, nagwira chisoti chake. Chidangobonyoka pang'ono.

"Ndani akugogoda?" adafunsa.

Ngaka adafika pang'onopang'ono monga mwa mayendedwe ake. Ulendo uno adayandikira kwambiri, mphuno mpaka kukhudza. Adatola chibenthu cha chipanda, nachinunkhiza. Adapukuta khala kumaso kwa Nyani. Adagwira luzi. Kenaka adazungulira kumbuyo, naona zigamba zofiira zija.

"Ine ndi wosavuta kunamiza," adatero. "Maso anga ndi awa. Ukadanamizanso simenti, moto ndi mphepo, bwenzi ndikukupatsa ukapitawo wangawu. Mchengawu uuthokoze. Ukachira, usabwerenso."

Tili tonse? Tatsala pang'ono.

Tsiku la chinkhoswe Nyani adadzuka pamphasa, nati ntchito yapita koma mkazi alipo. Adayesa kupinda mchira kuti ubise paja. Mchira udakana. Udali utauma chothyoka, kukwera m'mwamba kenaka n'kugwa, ngati dzanja loloza kuti onani apa. Adawoloka dambo akutsimphina, ankhoswe ake ali patsogolo.

Kumudzi anthu adali atadzaza bwalo. A Pusi adakhala pampando atavala ovololo. Amayi a Nangondo adali pamkeka ndi magalasi akuda. Nangondo ankachokera kuchitsime, chisoti chodzaza madzi chili pamutu, lamba atamukulunga pamkono. Katundu yense wa Nyani adafika pachinkhoswe ali bwinobwino, wopanda ndi kachilema komwe. Wowonongeka adali mwini wake yekha.

Adayesa kuyenda chammbali kuti asafulatire anthu. Koma bwalo ndi lozungulira. Ukabisira awa, waonetsa awo. Kuseka kudayambira kwa amayi ofulula mowa, n'kuzungulira bwalo lonse ngati kamvuluvulu yemwe uja.

A Pusi adakweza dzanja. "Pepani alendo, mukufuna yani?"

"Atsibweni, ndine. Mkamwini wanu."

"Mkamwini wathu timamudziwa. Ali ndi maso, ali ndi mchira woongoka, ndipo kumbuyo kwake sitidakuoneko chifukwa ndi waulemu. Inu mwabwera ndi kumbuyo kokhakokha."

Nyani adaiwala mwambo woti ankhoswe ndiwo amayankhula. "Zonsezi ndi chifukwa cha inu. Ovololo mwavalayo ndi khungu langa. Magalasi ali apowo ndi maso anga. Lamba uyo ndi mchira wanga."

"Tidalanda?"

"Mudapempha."

"Mudakana?"



"Ine ndinkayesa muli nazo ziwiriziwiri," adatero Nangondo, akutula madzi. "Munthu angapereke bwanji chimene chikumusunga?"

A Pusi adapukusa mutu ngati munthu wachisoni, uku akusisita thumba la ovololo. "Akamwini a dzulo, tamverani. Mkamwini kuno amamanga nyumba, amalima munda, amasunga mwana wa eni. Inu adakupatsani thako lanu lomwe kuti musunge, lakukanikani. Tikupatseni mwana wathu?"

"Ndiye mundibwezere katundu wanga."

"Kwathu kuno chikole sichibwerera kwa mwamuna wodziwononga yekha."

"Mwambo umenewo udayamba liti?"

"Lero. Mwauyambitsa ndinu."

Mowa sudatayike. Pasanapite nthawi Nangondo adakwatiwa ndi Gologolo, kamunthu kouma manja kaja, kamene chikole chake chidali mtedza wodzaza dzanja limodzi. A Pusi adavina paukwatiwo ndi ovololo yomweyo.

Nyani adathawira kuphiri. Ana ake ndi adzukulu ake onse adatengera: maso m'phanga, mchira wothyoka, kumbuyo psuu. Ndipo poti mtundu wake ndi womwewo, mpaka lero anyani amasekana zikundu, aliyense akuyesa kuti chake chili bwino. Gologolo mchira wake mukuuona nokha mmene wakhalira. Nkhanga kuchokera tsiku la hamala sadavulenso chisoti. Amadya nacho, amagona nacho, amaikira nacho mazira. Mukakumana naye m'tchire, yang'anani pamutu.

Phunziro lake silofuna sukulu. Chisoti, magalasi, ovololo ndi lamba amakupatsa kuti uvale iweyo, pantchito pomwepo, tsiku lililonse. Si za chikole, si za apongozi, si zosungira ukwati, ndipo si zovalira kapitawo. Kapitawo ukhoza kumupusitsa m'mawa uliwonse, koma simenti, moto ndi mphepo siziima pachipata kufunsa mafunso.

Nthano yanga yathera pamenepa. Mbatata ndidakwirira paphulusa ija kaphuleni isanapserere, koma musaphule ndi manja.